Tembenuzira Kalilole Wako Kwathu

Chikangawa,
Mzimba.
Febuluwale 1988.

Mwana wanga Kezia,

Monile, mama wane. Ndine bambo wako, Zondwayo Hara, ndikukulonjera ndili wamoyo. Kodi iwe uli bwanji kumeneko ku Australia? Chifuwa chija unachitchula m'kalata yako ya Khirisimasi chinakusiya? Unati paphiri pamene umagwira ntchito pamawomba mphepo yozizira. Uzivala zokwanira. Azungu anabadwira m'chisanu, iwe unabadwira kufupi ndi Jenda, usamapikisane nawo.

Ine ndilipo. Mawondo okha ndiwo ayamba mwano, akumakana ndikawatuma. Mkulu wako Lyness ali bwino pamodzi ndi ana ake. Wamng'ono uja sunamuonepo wayamba kuyenda, ndipo ntchito yake yoyamba inali kutaya fodya wanga wamphuno m'ndowa ya madzi.

Usadabwe kuti kalata iyi yabwera m'Chichewa, ndiponso kuti yachokera ku Chikangawa. Ndakwera lole ya matabwa pa Jenda kubwera kuno kwa Lyness, ndipo amene wagwira cholembera ndi mlamu wako Chester, mwamuna wake. Iye ndi wa ku Dedza, Chitumbuka amamva koma kulemba ayi. Lyness ndamukana, chifukwa akamalemba amalira, ndiye amachotsa mawu anga n'kuikamo ake ofewa. Kumudzi odziwa kulemba alipo, koma onse nkhaniyi ikuwakhudza.

Choncho ndakhala pakhonde, mkamwini wakhala chapatali monga mwa ulemu, ine ndikukuwa, iye akulemba. Chichewa changa ndi chimene ndinatola kwa anzanga ku migodi ya ku Joni. Pamene chakhota uwongole wekha. Chester ndamuuza kuti asakonze kanthu.

Mvula chaka chino yagwa bwino chomene. Chimanga chikumasula, msipu wakwanira. Koma mvula yomweyo yatibweretsera maliro. Khala pansi, mama.

Blackson, mwana wa mng'ono wanga Yoram, watisiya. Yamupha ndi mphenzi, imene ife timati leza.

Zinachitika mwezi wathawu, masana ndithu, dzuwa likuwala mbali imodzi, mbali ina kuli kamtambo kakuda kochokera ku Zambia. Blackson anali atangomasula ng'ombe pa ngolo, pansi pa mtengo wautali uja uli pafupi ndi khola la bambo wake. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikusema mpini. Ndinangoona dziko lonse layera, kenako kuphulika kumene sindinakumvepo ngakhale pansi pa mgodi. Titathamangirako tinapeza ali gone, ng'ombe imodzi ili gone pambali pake, tcheni cha goli chili m'manja. Bala panalibe. Tsitsi lokha linapserera, ndi jombo imodzi inang'ambika.

Tinamuika mwaulemu. Wasiya mkazi ndi ana atatu. Ukudziwa kuti Yoram mwana wamwamuna anali ndi yekhayo. Pamaliro sanalire. Mpaka lero akadzuka amapita pamtengo paja, kuuzungulira, kugwira pamene khungwa linasendeka, n'kubwerera kunyumba. Ndikunena izi kuti zimene zikubwerazi usamuone ngati chilombo. Ndi bambo amene mwana wake wachotsedwa m'manja dzuwa likuwala, ndipo akufuna wina amuuze chifukwa chake.

Tsopano mlandu wagwera amayi ako aang'ono a NyaZimba, mkazi wa malemu mng'ono wanga Kalebe. Iwo aja anakuyamwitsa mayi wako atamwalira iwe uli wakhanda, bere limodzi iwe, lina mwana wawo.

M'mawa wa tsiku lomwelo ng'ombe za Blackson zinalowa m'munda mwawo, ndipo sikanali koyamba. Pakamwa pa a NyaZimba ukupadziwa. Anamulondola mpaka kuchitsime akukalipa, ndipo pamaso pa amayi onse otunga madzi anamuuza kuti popeza iwo ndi wamasiye wopanda wowayankhulira, Wakumwamba ndiye adzamuyankha. Blackson anangoseka, akuti amama, mukamuuze afulumire, ine ndili ndi ntchito. Amayi aja anaseka nawo. Panalibe amene anaziika kumtima.

Ndiye masana aja, pamene tinafika pamtengo, munthu woyamba amene tinamupeza pamalopo anali a NyaZimba omwewo. Anali ataima pachulu chapafupi, dengu la bowa lili pamutu, osagwa, osapsa, khutu limodzi lokha ndilo linagontha. Maliro asanathe anthu anali atayamba kale kulumikiza. Mawu aja a kuchitsime, kuima kuja pachulu, n'kuwonjezapo nkhani yakale yakuti Kalebe atamwalira a NyaZimba anakana kuti Yoram awalowe chokolo. Zitatu zimenezi anazipota pamodzi, chingwe n'kukwana.

Titasesa, Yoram anaitana banja lonse pakhola. Anati iye sadya, sagona, mpaka adziwe amene anatuma leza. Anati apita kwa nchimi ina ya kutsidya kwa malire, sing'anga woombeza ndi kalilole, amene amakuonetsa nkhope ya wokulodza. Anati nkhope imene ikaoneke m'menemo, mwini wake asamuke pamudzi, asadzapondeponso. Sanatchule dzina. Panalibe chifukwa chotchulira, maso onse anali atatembenukira kale kumene kunakhala a NyaZimba.

Kalilole wa nchimi ndikumudziwa ine. Munthu amapita atanyamula kale nkhope m'mutu mwake, n'kukaipeza m'menemo. Yoram akangopita, a NyaZimba apita.

Apita kuti, Kezia? Kwawo kufupi ndi Lundazi anachokako ali mtsikana. Makolo awo anatha, alongo awo anatha. Mwana wawo Jones, amene unayamwa naye, anapita ku Joni n'kutchona, ngakhale kalata. Manda a mwamuna wawo ali pamudzi pathu, a ana awo awiri ali pomwepo. Munthu wa imvi angayambe kupempha malo kwa adzukulu a anthu amene sakumudziwa?

Chester wandiuza kuti lamulo limaletsa kuloza munthu ufiti, akuti tikhoza kukanena ku Boma la Mzimba. Ndakana. Ine ndikapereke mng'ono wanga kwa apolisi dothi la manda a mwana wake lisanaume? Ndiponso nkhani ikafika kwa anthu a mayunifolomu sibwerera pamsinkhu umene inapitira. Chester akuti pamenepa tisachulutse mawu. Chabwino, wamva.

Ndiye tsiku lija pakhola ndinaimirira. Ndinati inu ana a bambo wanga, mukufuna kukapereka mbuzi kwa munthu wa kakalilole kometera ndevu, pamene banja lino lili ndi kalilole wakewake? Ndinati mwana wanga Kezia ali ndi kalilole wamkulu kuposa denga la nyumba iyo, woikidwa pamwamba pa phiri, ndipo ntchito imene amadyera ndi yolondola kumene moto wakumwamba wachokera. Ndinati ngati pali wofunsidwa, tifunse iyeyo.

Yoram anati, Kezia wanu uja munamugulitsira ng'ombe kuti aziwerenga nyenyezi anzake akubereka? Ndinati ng'ombezo zinali zanga, ndipo zikanakhala zako ukanazimwera mowa pa Jenda. Ena anaseka, ngakhale panali pamaliro. Mkazi wa Yoram anafunsa ngati kalilole wa kutsidya kwa nyanja angaone mpaka kuno. Ndinati amaona zinthu zimene kuwala kwake kunanyamuka makolo athu asanaoloke Zambezi, ndiye Jenda ndi chiyani kwa iye? Zimenezo unandiuza ndiwe, sindinapeke.

Anakangana, anakangana, mbwenu anagwirizana. Adikira yankho lako mpaka mvula ithe. Sikuti andimvera chifundo ayi, njira ya kwa nchimi imadutsa mitsinje iwiri imene pakali pano yadzaza. Ikangophwa, Yoram anyamuka.

Ndikukuona ukupukusa mutu pamene ukuwerenga. Ukuti adada asokoneza zinthu. Sindinasokoneze. Sukulu sindinapiteko, koma makutu ndili nawo, ndipo zimene unandiuza utabwera kudzationa ndikhoza kukubwezera zonse. Tamvera.

Tinali kuchokera kudibi kumene tinakasambitsa ng'ombe, iwe utavala nsapato zosayenera matope. Ndinakufunsa kuti kodi kwenikweni amakulipira chiyani azunguwo. Unati kumwamba kwenikweni, kupitirira mitambo, kupitirira mwezi, nthawi zina kumang'anima moto waukulu kwa kanthawi kochepa, ngati kuphethira kwa diso kapena kupuma kangapo, kenako zii. Maso a munthu sauona, ndipo mpweya umene wakuta dziko umautchinga kuti usatifike. Unati dzina lake ndi gama. Ndinalisunga chifukwa likufanana ndi chiwongo cha anthu ena kwathu kuno. Unati amene amaumva ndi makina aja anaponyedwa kumwamba, ena ozungulira dziko, ena opita kutali kufupi ndi Nthanda.

Unatola miyala itatu n'kuiika pansi motalikirana. Unati tiyerekeze kuti awa ndi amuna atatu okhala m'midzi itatu, ndipo kuthengo kwalira mfuti. Woyandikira amva msanga, wakutali amva mochedwa. Akakumana n'kufananiza kuti anayamba kumva ndani, atha kuloza dera limene mfutiyo yalirira, ngakhale palibe amene waona mlenje. Unati makina aja amachita chimodzimodzi, ndiye anthu owerengera amadula kachigawo kakang'ono ka thambo n'kukutumizira kuti ukafufuze pamenepo.

Unati vuto ndi lakuti uthengawo umakupeza patapita miyezi, moto utazima kalekale. Komabe umatembenuzira kalilole wako pamalopo, makina amene unati ndi telesikopu, kuwala n'kumagwera pa galasi lojambulira, kenako n'kumaliyang'ana galasilo kadontho ndi kadontho ngati munthu wosankha timiyala m'nyemba, kufuna phulusa la moto uja.

Ndinakufunsa kuti wagwirapo angati. Unati ngakhale mmodzi. Unati simukudziwa n'komwe ngati motowo ukuchokera pakati pa nyenyezi zoyandikana nafe, kapena kutali kosaneneka.

Ndinati nanga m'kachigawo kameneko simupezeka nyenyezi? Unati zimapezeka, nthawi zina zambiri. Ndinati basi, gwira yaikuluyo, ndiyo mwini moto, ukalandire ulemu wako ubwere kunyumba. Unaseka mpaka ng'ombe zinacheuka. Unati adada, kupezeka pamalopo si umboni. Unati nyenyezi ina imangoima panjira ya diso, ili pafupi ndi ife, pamene motowo unachokera kutali kuseri kwake. Unati mnzako wina anapeza kadontho pa galasi lakale, anakondwa, anauza anthu kuti wamugwira, koma ena atayang'anitsitsa anapeza kuti chinali chilema cha galasilo. Unati kuli bwino kulemba chaka ndi chaka kuti sindinapeze, kusiyana ndi kutchula nyenyezi yosalakwa.

Waona? Ndasiyapo chiyani? Mpaka lero ndimaona kuti ntchito yosaka zaka zonsezi osagwira kanthu ndi yodabwitsa, ndipo ukanakhala mlenje pamudzi pathu akazi akanakuimba nyimbo. Koma mawu aja ndinawasunga.

Ndiye usataye pepala kundiuza kuti leza ndi china, gama ndi china. Ndikudziwa. Leza amakhala m'mitambo, ndipo unanena wekha kuti kalilole wako amadana ndi mitambo, ikabwera mumatseka denga n'kumamwa tiyi. Koma pakhola paja sindinaname. Ndinati ntchito yako ndi yolondola kumene moto wakumwamba wachokera. Kodi si choncho? Ngati iwo anamva zoposa zimene ndinanena, makutu ndi awo. Ine ndinafuna nthawi, ndipo ndinaipeza.

Ndinayesa kumuuza ndekha Yoram nkhani ya nyenyezi yoima panjira ya diso. Ndinamupeza pamtengo paja, ndinatola miyala itatu monga unachitira iwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti akulu, mwaphunzira liti inu? Akuti inu ndi ine tonse timadinda chala, lero mukufuna kundiphunzitsa za kumwamba ndi miyala ya pakhola langa? Anaiponda miyalayo n'kuchoka. Mawu omwewo akachokera kwa ine ndi a nkhalamba youma mutu. Ayenera kuchokera kwa mwini kalilole.

Koma chimene chandikweza lole ndi mawondo awa si Yoram. Yoram ndakhala ndikulimbana naye chibadwire, sandiopsa. Chandikweza lole ndi a NyaZimba eni ake.

Sabata yathayi ndinapita kukawaona. Pakhomo pawo masiku ano sipafika munthu, ngakhale wopempha moto. Kutchalitchi amakhala okha pabenchi, kuchitsime akafika amayi amanyamula ndowa zosadzaza n'kumapita. Ndinawapeza atamanga zovala zawo m'chitenje, mtolo uli pakona. Nkhuku zawo anagawa kale kwa mkazi wa Blackson. Thupi latha, Kezia. Ukanawaona sukanawazindikira amayi aja ankakuthamangitsa ndi chikuni ukathawa kusukulu.

Ndinawafunsa kuti mtolo uwu ndi wa chiyani, popeza palibe amene waweruza. Anati alamu, mwina anthuwa akunena zoona. Anati mawu aja anawanena mtima uli wotentha, ndipo anawanena ndi mtima wonse. Anati ndani amadziwa kumene mawu amapita akatuluka m'kamwa mwa munthu? Anati mankhwala sawadziwa, kwa sing'anga sanapiteko, koma mwina munthu akhoza kukhala ndi chinthu m'kati mwake iye osadziwa. Anati akatseka maso amaona Blackson ali kamwana, akuwabera mtedza pankhokwe, iwo n'kumanamizira kuti sakumuona.

Ndinawakalipira. Ndinati mulamu, zamisala zimenezo, masulani mtolowo. Ndinati kodi mawu anu akanakhala ndi mphamvu yotero, ine amene mwanditukwana zaka makumi anayi ndikanakhala ndikuyenda? Sanaseke. Anati inu alamu mumakuwa, koma simudziwa. Kukuwa si kudziwa.

Kenako anati, mukamuuze Kezia ayang'ane bwinobwino. Akapeza nkhope yanga m'kalilole mwakemo asabise, ndidzanyamuka ndekha, Yoram asavutike kuoloka mitsinje. Anati mwana amene ndinamuyamwitsa sangandinamize.

Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa nkhokwe yawo kanthawi. Chester, lemba momwemo, usandiyang'ane.

Ndiye pempho langa ndi ili. Unati nyenyezi zimene umaziona kumeneko ndi zomwezi timaziona kuno, zimangoyamba kudutsa kwa inu kenako kwa ife. Unatinso kalilole wamkuluyo si wako wekha, mumachita kulandirana, ndipo iwe amakupatsa masiku ochepa pachaka. Ndikudziwa kuti ndi odula. Komabe likafika tsiku lako, patulako kanthawi, utembenuzire kalilole ku mbali ya thambo imene imadutsa pamwamba pa mudzi wathu, uyang'ane ndithu ndi maso ako.

Usati n'zopanda pake. Ndikufuna uyang'ane chifukwa a NyaZimba adzandifunsa kuti kodi anayang'anadi, ndipo ine sindidzawanamiza, iwenso sindikufuna uwanamize. A Hara sitinama. Ukapeza kuti kulibe kanthu, ulembe kuti kulibe kanthu. Kulemba zimenezo ndiye unakuzolowera.

Kalatayo ulembe m'Chitumbuka, ngati sunachiiwale, kuti iwerengedwe pakhola onse akumva. Chizungu chako usunge. Uyambe ndi kupepesa Yoram, umutchule kuti adada, ulire naye mwana wake, pakuti Blackson ankakubereka kumsana pooloka mtsinje popita kusukulu. Usamuseke, usamuphunzitse ngati mwana. Ukamunyoza m'mzere umodzi wokha, mizere ina yonse sadzaimva.

Ukatero uwauze za leza monga mmene ukudziwira, chifukwa chake amakonda mtengo wautali, ndiponso ngati tcheni chija chinali m'manja chili ndi mbali pa nkhaniyi. Ine ndikuganiza kuti chili nayo, koma ndiwe unapita kusukulu. Ngati pali zimene sukudziwa, unene kuti sukudziwa.

Ndipo uwauze zimene unandiuza kudibi. Uwauze kuti iwe, ndi kalilole wamkulu kuposa nyumba, ndi makina oyenda kumwamba okuthandiza, wakhala zaka zonsezi ukukana kutchula nyenyezi chifukwa chongoipeza itaima pamalo pamene panang'anima. Uwauze za mnzako uja anaona chilema cha galasi lake n'kuyesa wagwira wolakwa. Usatchule nchimi, adzamva okha. Uikemo ndi chithunzi, iwe utaima pambali pa kaliloleyo, kuti Yoram aone kukula kwake. Chimene unatitumizira kale chija chinadyedwa ndi chiswe.

Pomaliza ulembe mawu ochepa a amayi ako okha, papepala lapadera. Amenewo sindikuuza cholemba. Ukudziwa wekha chimene mwana amanena kwa mayi amene wayamba kudziopa.

Sindine wopusa. Ndikudziwa kuti Yoram akhoza kumva zonsezi n'kunena kuti kalilole wa Kezia walephera, tiyeni kwa nchimi. N'chifukwa chake ndisananyamuke ndinapita kwa iye n'kumuuza mawu anga otsiriza. Ndinati tsiku limene a NyaZimba adzatuluke pamudzi pano ndi mtolo pamutu, ine ndidzakhala patsogolo pawo ndi ndodo yanga, ndipo sindidzabwerera.

Anati akulu, mungasiye malo anu? Ukudziwa kuti ine monga mwana woyamba malo anga ogona ali pambali pa khola, pafupi ndi bambo wathu, ndipo ndinawaloza kalekale. Anati mungakaikidwe pakati pa alendo chifukwa cha mkazi amene si magazi athu? Ndinati ng'ombe zimene zinabweretsa mkazi ameneyu pano ndinazikusa ndine, ndi miyendo iyi, mpaka kwa bambo wake kutsidya kwa malire, iwe uli kamnyamata kolira njala panjira. Ng'ombe zimenezo zinamusandutsa wathu, ndipo palibe amene anazibweza. Ukamuthamangitsa wathamangitsa wa kwa Hara, ndiye uyambe ndi wamkulu.

Kenako Yoram anati, ndiye mwana wanga wangofa basi, popanda chifukwa? Ndinati sindikudziwa, Yoram. Anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Sanandiperekeze.

Mawu amenewo ndanena, ndipo sindiwabweza. Chester wandionetsa kale kachipinda ka kuseri kumene amasungira makasu ndi njinga, akuti a NyaZimba akhoza kugona ndi ana, ine m'menemo. Ndi munthu wabwino mkamwini uyu, alembe, asachite manyazi. Koma kuno ndi kwa mitengo ya paini yokhayokha, yoima m'mizere ngati asilikali, pansi pake sipamera udzu woti ng'ombe n'kudya. Tsiku lonse macheka akulira. Nkhungu imalowa mpaka m'mafupa. Ndikhoza kukhala kuno, koma sindikufuna kufera kuno, ndipo amayi ako sayenera kufera kuno.

Chibadwire chako sindinakupemphepo kanthu. Pamene unkapita sindinati khala, pamene unachedwa kukwatiwa sindinati fulumira, anthu akandifunsa ndimawauza kuti asamale za ana awo. Lero ndikupempha. Ndapota, Kezia. Usadikire kuti upeze mawu okongola. Mvula kuno imayamba kutha mwezi wa Epulo, ndipo makalata a kunja amayenda pang'onopang'ono, amaima m'malo ambiri.

Lyness akuti moni, akuti uli ndi ngongole ya kalata kwa iye. Chester akuti moni. Ana onse akuti moni kwa amayi awo a kunyenyezi. A NyaZimba sanapereke moni, anangoti ndikuuze kuti uzidya. Undiperekere moni kwa mayi amene umakhala m'nyumba mwake, ndi kwa anzako a paphiri, uwauze kuti bambo wako akuti asatope, tsiku lina adzamupeza mwini moto, koma amupeze weniweniyo.

Chiuta akusunge, akupatse thambo loyera ndi maso akuthwa, akubweze kwathu tikadali ndi mpweya.

Yankho ulitumize kumudzi kudzera kutchalitchi monga mwa masiku onse. Koma ukaona kuti wachedwa, mvula yatha, usalitumizenso kumeneko. Ulembe keyala ya Chester kuno ku Chikangawa, ndipo pa envulopu uike maina awiri, langa ndi la amayi ako.

Yewo chomene, mama wane.

Ndine bambo wako,
Zondwayo Hara.